Za Mpweya wa M'chipinda ndi Malire a Nzeru za Munthu

Pa 21 June 2001, pamene mwezi unaphimba dzuwa ndipo mdima unagwa masanasana pa mzinda wa Lusaka, panalibe munthu wophunzira amene anadzidzimuka, pakuti akatswiri a zakuthambo anali atalengeza kalekale tsiku lake, ora lake ndi mphindi yake, pamodzi ndi maiko amene mthunziwo udzadutsamo. Ndipo alendo ochokera kutali anali atalipiriratu malo ogona, osakayika konse kuti mwezi udzasunga pangano. Koma mutatenga akatswiri omwewo ndi makompyuta awo omwewo, n'kuwakhazika m'chipinda chimodzi, n'kuwafunsa kuti mpweya umene munthu wakhala pakonayo wangoutulutsa m'chifuwa mwake udzakhala uli pati pakatha mphindi ziwiri, adzakuyankhani mwaulemu kuti chimenecho sangalonjeze. Funso limene ndifuna kulisinkhasinkha lagona pamenepa: kodi zimatheka bwanji munthu kudziwa lamulo la chinthu koma osadziwa njira yake, ndipo kudziwa kumene kumayamba ndi kusiya dala zing'onozing'ono, kodi n'koyenera kutchedwa kudziwa, kapena ndi umbuli wovala bwino?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti chipinda chimene timati mulibe kanthu n'chodzaza. Mpweya wokwana kyubiki mita imodzi umalemera makilogalamu 1.2, kotero kuti chipinda cha mamita 9 m'litali, 3 m'lifupi ndi 3 kupita m'mwamba chasenza mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 97. Ndipo katundu ameneyu sakhazikika ndi kamodzi komwe: munthu wongokhala pampando amatulutsa kutentha kokwana mawati ngati 100, kumene kumafunditsa mpweya womuzinga, nuyamba kukwera pamwamba pa mutu wake, mpweya umene wakhudza galasi lozizira la zenera umatsetsereka kutsikira pansi, ndipo umene makina auponya pafupi ndi denga umakakamira kudengako, nuyenda nalo mtunda ndithu usanagwe. Lamulo limene mayendedwe onsewa amamvera silobisika. Claude-Louis Navier wa ku France analilemba m'chaka cha 1822, George Stokes analikhazikitsa bwino mu 1845, ndipo kwenikweni ndi lamulo lomwe lija la Newton, la mphamvu ndi kuyenda kwa zinthu, loikidwa pa madzi ndi mpweya. Limakwana pa mizere yochepa ya pepala. Komabe kufikira lero palibe amene watsimikiza mwa masamu kuti lamulolo lili ndi yankho losalala nthawi zonse, ndipo bungwe la Clay Mathematics Institute, m'chaka cha 2000, linaika madola miliyoni imodzi kuti akhale mphotho ya amene adzamasule mfundoyo.

Chimene chimasokoneza chinaonekera poyera ku Manchester mu 1883. Osborne Reynolds anagoneka paipi yagalasi m'thanki ya madzi, nalowetsa kamzere ka madzi a utoto pakamwa pake. Atatsegula mpopi pang'ono, utotowo unayenda mowongoka, kamzere kamodzi kosaduka kuchokera pakamwa mpaka kumapeto. Atawonjezera pang'ono, kamzereko kanayamba kunjenjemera. Ndipo atawonjezeranso, kanangoti phwasu pamalo amodzi, utoto nubalalika kudzaza paipi yonse. Powunikira ndi kuthwanima kwa moto wa magetsi, iye anaona kuti chimene maso ankayesa chifunga chinali khamu la akamvuluvulu aang'onoang'ono opiringizana. Aliyense amene anayang'anitsitsapo utsi wa koyilo ya udzudzu m'chipinda chopanda mphepo anaona zomwezo: umakwera choongoka kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, kenaka umagwedezeka, kenaka umawinduka osadziwikanso mutu ndi mchira. Lamulo silinasinthe pakati pa m'munsi ndi m'mwamba mwa utsiwo. Chimene chasintha ndi chakuti liwiro lagonjetsa kunanda kwa mpweya, kumene poyamba kunkafafaniza kugwedezeka kulikonse kusanakule.

Lewis Fry Richardson, m'buku lake la 1922 lonena za kulosera nyengo ndi masamu, anafotokoza kuti akamvuluvulu aakulu amagawira mphamvu yawo kwa ocheperapo, ocheperawo kwa ochepetsetsa, kufikira pamene kunanda kwa mpweya kuimeza n'kuisandutsa kutentha. Ndipo Andrey Kolmogorov wa ku Moscow, mu 1941, anaonetsa mmene tingawerengere kukula kwa ochepetsetsawo. (Richardson ameneyu anali wa mpingo wa Quaker, wodana ndi nkhondo, amene pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankayendetsa ambulansi ku France, ndipo atazindikira kuti opanga mpweya wapoizoni wankhondo ayamba kukonda kafukufuku wake, anausiya. Nkhani ya mphepo sinakhalepo ya masamu okha.) M'chipinda wamba akamvuluvulu ochepetsetsa amakhala ngati milimita imodzi, mwinanso kuchepera apo. Amene afuna kutsata aliyense wa iwo ayenera kugawa chipinda chathu chija m'timabokosi ta milimita imodzi mbali zonse, timene tingakwane 81 biliyoni, n'kuwerengera kabokosi kalikonse mobwerezabwereza kambirimbiri pa sekondi iliyonse; ndipo zonsezo n'za chipinda chopanda mpando, chopanda munthu, chopanda chitseko chotseguka. Pierre-Simon Laplace analota mu 1814 za nzeru imene, itadziwa malo ndi mphamvu za kanthu kalikonse pa mphindi imodzi, ingaone zam'tsogolo zonse ngati zam'mbuyo. Koma Edward Lorenz, mu 1961, atalemba 0.506 m'malo mwa 0.506127 pobwereza masamu a nyengo pa kompyuta yake, anapeza kuti nyengo yachiwiriyo posakhalitsa inasiyana kotheratu ndi yoyamba. Kusadziwa kochepa bwanji pa chiyambi kumakula kufikira kumeza yankho lonse, ndipo cholengedwa sichidzayesa konse chinthu popanda kutsalira kanthu.

Tsono anthu anachita chimene wanzeru amachita akaona kuti mtsinje sawoloka pamenepo: anafuna doko lina. Reynolds yemweyo, mu 1895, anati tigawe liwiro la pamalo paliponse pawiri, avareji yake ndi kugwedezeka kwake, ndipo tilembe lamulo la avareji yokha. Koma zing'onozing'ono zimene anazisiyazo sizinachoke chimanjamanja. Zinasiya ngongole m'masamu, zosadziwika zatsopano zisanu ndi chimodzi, zoimira mmene akamvuluvulu amakankhira mpweya wonse. Ndipo amene ayesa kulemba lamulo la zisanu ndi chimodzizo amabala zosadziwika zina zochuluka koposa, ndipo zimenezonso zimabala zina, popanda polekezera. Penapake munthu ayenera kuima n'kunena kuti, kuyambira pano ndilingalira. Joseph Boussinesq anali atalingalira kale mu 1877 kuti akamvuluvulu tiwaone ngati kunanda kowonjezera. Brian Launder ndi Brian Spalding, a ku Imperial College ku London, anakhazikitsa mu 1974 chifanizo chimene mainjiniya amachitcha k-epsilon, chimene chimatsata zinthu ziwiri zokha, mphamvu imene ili mwa akamvuluvulu ndi liwiro limene mphamvuyo ikuzimiririka nalo. Ndipo kuti chigwire ntchito chimafuna manambala asanu, 0.09, 1.44, 1.92, 1.0 ndi 1.3. Manambala amenewa sanatuluke m'lamulo la Navier ndi Stokes monga mwana atuluka mwa make. Anasankhidwa kuti mayankho agwirizane ndi zimene zinayesedwa m'malabotale, pa mphepo zothamanga ndi zowinduka kwathunthu.

Koma mpweya wa m'chipinda ndi waulesi. Pamalo pamene anthu amakhala umayenda masentimita 10 kapena 20 pa sekondi, pena wowinduka, pena wodekha, pena uli pakatikati, ndipo kutentha kwa thupi limodzi n'kokwanira kuukhotetsa njira. Peter Nielsen wa ku Denmark, amene m'zaka zoyambirira za m'ma 1970 anali mwa oyamba kuwerengera mpweya wa m'chipinda pa kompyuta, anapereka mu 1990 chipinda choyesera, chotalika mamita 9 ndi chokwera mamita 3, chokhala ndi mpata wa mamita 0.168 pansi pa denga polowera mpweya pa liwiro la mamita 0.455 pa sekondi, kuti aliyense wodzitama ndi chifanizo chake ayambe wachiyesa pa miyeso yeniyeni. Qingyan Chen anafananitsa mitundu isanu ya k-epsilon mu 1995, napeza kuti wotchedwa RNG unachitako bwino. Mu 2007 iye ndi anzake anayesa zifanizo zisanu ndi zitatu, ndipo panalibe chimodzi chimene chinapambana pa zonse. Chimene chimandigwira mtima koposa ndi chimene chinachitika pa msonkhano wa ku Tianjin, ku China, mu 2015, pamene magulu 19 a akatswiri anapatsidwa funso limodzi losavuta m'maonekedwe, la mpweya woyenda pang'onopang'ono wolowa m'malo otakasuka, popanda kuuzidwa yankho. Ndipo mayankho awo anasiyana kwambiri. Dzanja la munthu, kusankha kwake ndi chizolowezi chake, zinali m'kati mwa masamuwo.

Pamenepa pali mayesero awiri, ndipo loyamba limagwera ife opembedza. Timamva kuti anzeru a dziko alephera kulondola mphepo, ndipo mtima umadumpha ndi kukondwa, tikumbukira kuti Ambuye, pocheza ndi Nikodemo usiku uja, anatenga mphepo yomweyi kukhala fanizo la Mzimu. Ndipo tifulumira kunena kuti, taonani, apa ndi pamene Mulungu wadzisungira, pamene sayansi siidzapondapo. Ine ndikuona kuti kukondwa kumeneku n'koopsa. Amene amanga nyumba ya Mulungu pa mpata wa umbuli wa anthu ayenera kuisamutsa nthawi iliyonse mpatawo ukachepa. Ndipo ukuchepadi, pakuti njira imene Joseph Smagorinsky anayamba mu 1963, yowerengera akamvuluvulu aakulu mmodzimmodzi ndi kulingalira za aang'ono okha, imene kale inali ya makompyuta a maboma, lero ophunzira a m'mayunivesite amaigwiritsa ntchito. Dietrich Bonhoeffer, ali m'ndende ya Hitler mu 1944, anachenjeza za chinthu chomwechi, kuti Mulungu tizimupeza m'zimene tikudziwa, osati kumusandutsa chotsekera mipata ya zimene sitinadziwe. Ndiponso Malembo enieniwo sanena za mphepo ngati chinthu chopanda muyeso; buku la Yobu limatamanda Mulungu ngati amene anaikira mphepo kulemera kwake, kalekale Torricelli asanayese kulemera kwa mpweya m'zaka za m'ma 1640. Chodabwitsa sindicho chakuti pali malo pamene lamulo latha. Chodabwitsa ndi chakuti lamulo lalifupi chotero, losaphwanyidwa paliponse, limabala mayendedwe osabwerezeka, kotero kuti utsi sunakwerepo kawiri m'njira imodzi chilengedwere dziko. Ngati tifuna kugwada, tigwadire pamenepo.

Yesero lachiwiri limagwera iwo a ofesi. Kompyuta simachita manyazi. Ngakhale manambala ake asanu aja ali osayenera chipindacho, imatulutsabe chithunzi chokongola, chofiira pofunda, chobiriwira pozizira, mivi yosalala yosonyeza kumene mpweya ukupita. Ndipo mwini nyumba, amene sanamvepo za Boussinesq, amachilandira ngati kuti wina analowa m'nyumba yosamangidwayo n'kujambula. Mneneri Yesaya anaseka mmisiri amene mtengo umodzi anaphikira nawo chakudya, wotsalawo nausema, naugwadira. Ndipo injiniya amene aiwala kuti iye mwini ndiye anasankha chifanizocho, n'kuyamba kuchikhulupirira koposa choyesera liwiro la mphepo chimene chili m'dzanja lake, sali kutali ndi mmisiri uja. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ena amanena kuti pamenepa sayansi nayonso ikuyenda mwa chikhulupiriro monga ife. Koma mawu amenewa amanyoza mbali zonse ziwiri. Kulingalira kwa Launder ndi Spalding ndi chikole chimene mwini wake ali wokonzeka kuchitaya tsiku limene muyeso uchitsutsa. Chikhulupiriro ndi kudalira Wina amene walonjeza, ndipo sichiyesedwa pa chipinda cha Nielsen.

Koma cholemera koposa pa nkhaniyi sichili m'mayesero awiriwa. Chili m'avareji imene. Mfumu ikhoza kuwerengetsa nkhokwe zonse za m'mudzi, n'kupeza kuti chimanga n'chokwanira aliyense kufikira masika, ndipo masamu akewo n'kukhala olondola ndithu, pamene nkhokwe ya mayi wamasiye kumapeto kwa mudzi ili mbee. Pakuti palibe munthu amene amadya avareji. Momwemonso palibe munthu amene amapuma mpweya wa avareji. Amapuma umene wafika pamphuno pake pa mphindi imeneyo, wotengedwa ndi kamvuluvulu mmodzi mwa aja amene masamu anawasiya. M'zaka za m'ma 1950, pa chipatala china cha asilikali opuma ku Baltimore, Richard Riley ndi anzake, potsata maganizo a William Wells, anakoka mpweya wa m'wodi ya odwala chifuwa chachikulu n'kuupititsa m'makola a mbira pamwamba pa nyumbayo. Mbira zina zinadwala, umene unali umboni wakuti matendawa amayenda mumpweya, koma anapezanso kuti odwala owerengeka okha ndiwo anapatsira mbira zambiri, pamene ochuluka sanapatsire ndi imodzi yomwe. Ndipo masamu odziwika a Wells ndi Riley, amene anthu amawerengera nawo chiopsezo kufikira lero, amayamba ndi kuganizira kuti mpweya wa m'chipinda ndi wosakanizika bwino ponseponse, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri.

Taonani zimene zinachitika m'lesitilanti ina ku Guangzhou pa 24 January 2020. Mabanja atatu osadziwana anakhala pa matebulo atatu oyandikana chakukhoma, ndipo limodzi linali litangofika kuchokera ku Wuhan. Pambuyo pake anthu khumi a m'mabanja atatuwo anapezeka ndi Covid-19, pamene operekera zakudya ndi anthu ambiri amene anadya pa matebulo ena m'chipinda chomwecho sanadwale. Yuguo Li wa ku University of Hong Kong ndi anzake anapita komweko, natulutsa mpweya wapadera wotsatika pamalo pamene wodwalayo anakhala, nawerengeranso pa kompyuta. Ndipo anapeza kuti mpweya watsopano wolowa sunkakwana ndi lita imodzi yomwe pa sekondi kwa munthu aliyense, ndiponso kuti makina oziziritsa a mbali imeneyo ankangozunguza mpweya womwewo pamwamba pa matebulo atatuwo, ngati kuti panali chipinda chosaoneka m'kati mwa chipinda. Pano chifanizo cha masamu chinatumikira bwino, pakuti chinayenda pamodzi ndi muyeso, ndipo chinaonetsa chimene avareji ya chipinda chonse ikanabisa. Komabe ngakhale icho sichikanatha kunena chifukwa chake pa tebulo limodzi uyu anadwala, mnzake wokhala naye pafupi napulumuka.

Uthenga Wabwino umatiuza za Mulungu amene mpheta imodzi siigwa Iye osadziwa, amenenso tsitsi la m'mutu analiwerenga. Ndiko kunena kuti kudziwa kwake sikudzera pa avareji, pakuti safunika kusiya kanthu kuti aone chonse. Ife sitili choncho. Munthu amadziwa posiya: dokotala amadziwa mankhwala poyesa anthu zikwi, woweruza amadziwa lamulo lolembedwera onse, injiniya amadziwa chipinda pofafaniza akamvuluvulu ake. Sindikuona tchimo m'menemo, pakuti ndilo gawo la cholengedwa, ndipo amene akana kumanga chipatala kufikira atawerenga timabokosi 81 biliyoni adzasiya odwala pabwalo. Ndiye ku funso lija ndiyankha kuti kudziwa kotereku ndi kudziwa ndithu, koma kokhala ndi mangawa. Ndipo tchimo limalowa pamene wodziwayo aiwala kuti anasiya kanthu, ndi kuti chimene anasiyacho chikhoza kukhala munthu wogona pa bedi la pakona, kumene mpweya umaima. Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Koma womanga wodi sayenera kudikira maliro kuti akumbuke pakonapo.

Mangawa amenewa amabwezedwa m'njira yosanyadira konse, ndiyo kupereka mopitirira muyeso. Ku Lima, m'dziko la Peru, Roderick Escombe ndi anzake anayesa zipinda za m'zipatala zisanu ndi zitatu, ndipo mu 2007 anafalitsa zimene anapeza: kungotsegula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya wa chipinda ka 28 pa ora, kuposa kuwirikiza kawiri ka 12 kamene zipinda za makina zimayenera kufikira, ndipo nyumba zakale, zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za madenga aatali ndi mazenera aakulu, zinkafika ka 40, pamene zatsopano zinkalekera pa 17. Amisiri akalewo analibe k-epsilon. Posadziwa kumene mpweya woipa udzadzere, anangoupatsa makomo ambiri otulukira. Nkhani imeneyi ikutikhudza ifenso, amene mawodi athu a chifuwa chachikulu amadalira mazenera koposa makina, ndiponso amene timadziwa kuti mazenerawo amatsekedwa dzuwa likangolowa, chifukwa cha udzudzu, akuba ndi chisanu cha mwezi wa June. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2009 okhudza zipatala zodalira mphepo yachilengedwe, linalemba kuti chipinda cha odwala matenda oyenda mumpweya chizilandira malita 160 pa sekondi kwa wodwala aliyense, powerengera avareji ya ora lonse. Koma olembawo sanalekere pamenepo, anawonjezapo nambala yachiwiri, malita 80, imene mpweya suyenera kutsika kupitirira apo pa nthawi iliyonse, ngakhale pa mphindi zimene kunja mphepo yaleka kuwomba.